Tsamba 214

Roselyn ankasita nsalu yoti akavale Loweruka pamene foni inalira. Ndiye anasankhidwa kukalangiza Michelle, mwana wa mnzake Chrissy, pa bridal shower ku Coventry. Kwa zaka khumi ndi ziwiri, kutchalitchi kwawo kunalibe mtsikana wolowa m'banja osamva mawu ake, ndipo ntchito imeneyi ankaikonda kuposa unamwino wake wa ku Bordesley Green.

Anali Chrissy yemweyo.

"Asisi, mwaona zatulukazi? Mapepala a mlandu uja wa anthu ogulitsa atsikana ku Nechells awaika poyera. Tsegulani tsamba 214. Ndikubwera masana."

Zilembo za pafoni zinkamuvuta, choncho anaitana mwana wake Atuweni, amene ankakonzekera kupita ku college. Atuweni anawerenga m'Chingerezi, mawu ake akunka nachepa. Mboni C, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, anatsika basi ku Digbeth mu February 2019. Anamulandira Roselyn Mankhamba, namwino, n'kumutenga pa galimoto yake kukamusiya kunyumba ina ku Nechells.

"Mum, is that you?"

"Ndine, mwanangu."

Mboni C anali Tiwa. Mayi wina wa kumudzi kwawo ku Dedza ndiye anaimba foni, nati mwana wa mchemwali wake wapeza ntchito yosamala okalamba, amulandire. Kwawo mlendo safunsidwa zambiri. Umamulandira katundu, kumupatsa madzi, n'kumuperekeza mpaka pakhomo pamene akupita. Tiwa anabwera ndi nsinjiro ndi mfutso wa nkhwani, atavala kajuzi kopyapyala, ndipo Roselyn anamuveka jekete lake. Patapita zaka apolisi anabwera kudzafunsa, iye anafotokoza, iwo anati alibe mlandu. Koma tsamba 214 silinanene zimenezo. Linangotchula dzina, galimoto ndi mwezi.

Chrissy anafika mvula ikuwaza, adakali mu yunifolomu. Tiyi anamulandira koma sanamwe.

"Ine ndimakudziwani, asisi," anatero. "Koma akuchimuna aja sakudziwani. Apongozi ake a Michelle aziona pa group ya pafoni. Akuti munthu woperekeza mwana wa eni kunyumba yotere aperekezenso mpongozi wawo kubanja?"

"Atero?"

"Pakamwa pawo pajatu n'ngati khasu latsopano, posalima palibe. Koma musadandaule, ndathana nawo. Avomera kuti tikumane mawa tikaweruka ku shift. Inu mungonena mawu awiri basi, kuti simunaone kanthu, panalibe chokukayikitsani. Ikatero nkhani yatha, Loweruka mukhala pampando wanu."

Roselyn anayang'ana nsalu ija pa tebulo. Mawu awiriwo anali opepuka, ndipo ndi omwewo amene anauza apolisi. Koma panali china chimene sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake Ellard.

"Chrissy, tsiku lija chitseko anatsegula bambo wina. Moni sanapereke. Anangoti pasipoti, mwana uja n'kupereka. Mawindo onse anali otchinga, dzuwa likadalipo. Ndiye Tiwa anandigwira dzanja apa, nati, Anti, sindingagone kwanu lero lokha?"

Chrissy anaika kapu pansi.

"Ine ndinali ndi long day, ntchito ya tsiku lonse, m'mawa mwake, kuchipinda chaching'ono kuli mabokosi okhaokha. Ndinamuchotsa dzanja bwinobwino. Ndinati mwana wamkazi amalimba mtima, chiyambi n'chowawa paliponse, pirira. Mawu omwe aja ndimawauza atsikana pamphasa."

"Simukanadziwa, asisi."

"Kudziwa sindinadziwe. Koma kuona ndinaona. Ndinaimba foni yake kawiri osayankhidwa, n'kuti basi wazolowera. Anakhala m'nyumba imene ija miyezi khumi ndi inayi, ine ndikudutsa pa msewu wake popita kukagula nyama."

Panja basi inaima, n'kunyamukanso. Chrissy anati zimenezi asazinene mawa, palibe amene angazifune, koma mawu ake analibe mphamvu.

Roselyn anapinda nsalu ija kanayi, naiika pamiyendo pa mnzake.

"Mupatseni Anita wa kutchalitchi uja akalangize ndiye, amalankhula bwino. Akuchimuna muwauze kuti ndasiya ndekha. Michelle ndimulembera kalata, mphatso yake Ellard abweretsa."

Chrissy atapita, Roselyn anapeza Atuweni atakhala pamasitepe, chikwama chili pambali. Ku college sanapite, ndipo zonse anamva.

"Where is she now?"

"Tiwa? Sindikudziwa. M'mapepala aja anamubisa dzina, ndipo anachita bwino. Langa ndiye analisiya poyera."

"Did she give the coat back?"

"Ayi. Linali lofunda ndithu lija."

Atuweni anasuntha pang'ono kuti mayi ake akhale. Masitepe anali opanikiza, koma anakwana. Foni inkanjenjemera kukhitchini, uthenga pambuyo pa uthenga, ndipo palibe amene anadzuka kukaitenga.