Alipo Wotsutsa?

A Lawson Mtambalika anali wapampando wa bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndipo chinthu chimene ankanyadira kwambiri chinali chakuti pa misonkhano yawo anthu ankakangana. Masiku amenewo a chipani chimodzi, munthu ankayamba wacheukira kumbuyo asanadandaule za kusowa kwa sopo m'sitolo, koma mamembala a bungwe lija ankati akadzitsekera m'chipinda, ankakokanakokana m'Chingerezi mpaka tiyi kuzizira. Ntchito yawo inali yoyendera makoleji n'kunena ngati dipuloma ya kumeneko inali yoyeneradi kutchedwa dipuloma. Lamulo lawo linkati zokambirana zikatha, wapampando afunse ngati pali amene sakugwirizana nazo. Dzanja limodzi lokha likakwera, nkhani inkabwezedwa kuti ikaunikidwenso, ndipo mlembi ankalemba dzina la mwini dzanjalo. M'Chingerezi funso limenelo silinkaluma munthu.

Dzanja limene linkakwera kawirikawiri linali la Mayi Hajara Binali, mphunzitsi wa masamu, mwana wa msodzi wa ku Lifuwu. A Mtambalika ndi amene anawalowetsa m'bungwemo, ndipo tsiku loyamba anawauza poyera kuti membala wongobwera kudzagwedeza mutu sakumufuna. Mayi aja anamvera malangizowo mopitirira muyeso, moti masiku ena a Mtambalika ankafika kunyumba mutu ukuphwanya, koma ankawalemekeza kuposa mamembala ena onse.

Chaka chimenecho bungwe linapita ku Chipoka kukaona koleji yatsopano yophunzitsa anyamata kuyendetsa maboti a injini onyamula anthu ndi katundu panyanja. Gulu loyamba linali litatsala pang'ono kumaliza, ndipo tsiku lolandira madipuloma linali litalengezedwa kale pa wailesi. Mkulu wa kolejiyo, a Robert Kalindawalo, anali mlamu wa munthu wina wamkulu ku likulu, amene dzina lake anthu ankalitchula monong'ona.

Zimene anapeza kumeneko zinali zomvetsa chisoni. Boti la koleji linali chadodolido pamchenga kuseri kwa khitchini, mbuzi zikubisala dzuwa pansi pake. Injini yake akuti inapita kukakonzedwa ophunzira atangofika, ndipo sinabwereko. Koma padoko panali boti lina lopakidwa utoto wauwisi, dzina la koleji likunyezimira m'mbali mwake. Mayi Binali anangoliyang'ana kamodzi n'kuseka chamumtima. Linali la a Sidiki, amalonda onyamula mpunga ndi usipa, ndipo amuna awiri amene ankaliyang'anira anapatsa mayiwo moni wa salamu powatchula dzina la bambo awo.

"Munayamba mwaliyendetsapo boti?" Mayi Binali anafunsa mmodzi wa ophunzira, amene anali atangofotokoza bwinobwino za mphepo ya mwera pa bolodi.

"Kuyendetsa ayi, madamu," anatero mnyamatayo mwaulemu. "Koma tinajambulitsa chithunzi titakwera."

M'mawa wa tsiku logamula, a Lenard, mlembi wa bungwe, anapeza a Mtambalika pakhonde la nyumba ya alendo. A Lenard anali munthu womwetulira nthawi zonse, ndipo palibe membala amene ankadziwa bwinobwino kuti anawatumiza m'bungwemo ndi ndani.

"Bwana, lero tili ndi alendo," anatero. "Akuluakulu a m'dera lino apempha kudzamvera nawo. Ndiye poti ena Chingerezi chimawadutsa, msonkhano uchitika m'Chichewa. Musavutike, funso lanu lomaliza lija ndalimasulira kale. Mudzangoti: alipo wotsutsa?"

Mawu akuti wotsutsa masiku amenewo sanali mawu oseweretsa. Wotsutsa anali munthu amene galimoto inkabwera kudzamutenga, abale ake n'kumauza anansi kuti wapita kukacheza kutali. Ana ake ankapezeka kuti malo awo kusukulu atha. Ndipo lero mawu amenewo akanalembedwa pambali pa dzina la munthu, pamaso pa anthu amene sankasiyanitsa kutsutsa boti lopanda injini ndi kutsutsa boma.

"Bwanji tinene kuti, alipo amene ali ndi maganizo ena?" anayesa a Mtambalika.

"Lamulo silikufunsa maganizo, bwana," anayankha a Lenard, mano onse ali pamtunda. "Kapena Chichewa changa chalakwika pati?"

Chichewa chawo sichinalakwike paliponse, ndipo n'chimene chinawapsetsa mtima a Mtambalika.

A Mtambalika anawapeza Mayi Binali akuthira shuga m'tiyi, n'kuwakokera pambali pa mtengo wa mango. "Mayi, ndapota nanu, lero dzanja likhale pamwendo. Nkhaniyi tidzaibwezera njira ina tikabwerera ku ofesi."

"Njira iti, a Wapampando? Madipuloma akaperekedwa, mudzawalanda? Anyamata awa mawa adzanyamula azimayi a kwathu, ana ali kumsana. Nyanja iyi ine ndikuidziwa, inatenga amalume anga mwera utangodzuka. Wallahi, ndalumbira, sindingakhale chete."

"Muli ndi ana aang'ono, mayi."

"Ndikudziwa, ndinabala ndine." A Mtambalika anaona kuti mayiwo anali ndi mantha ngati iwo omwe. "Koma si inu munandiuza kuti wogwedeza mutu simukumufuna?"

Msonkhano unachitikira m'holo ya koleji. Alendo anakhala kutsogolo, mabaji a chipani ali pachifuwa, akudzikupiza ndi mapepala chifukwa kunja kunkatentha koopsa. Mamembala amene dzulo lake ankalalata za boti lija lero analankhula za ukhondo wa m'makalasi ndi ulemu wa ophunzira. Pulofesa wina, amene nthawi zonse sankatha kutseka pakamwa, anayamikira maluwa a pakhomo n'kukhala pansi. A Mtambalika anachita manyazi ndi bungwe lawo, koma sakanadzudzula munthu, poti nawonso anali atameza zonse zimene anakonza kunena.

Nthawi ya funso inakwana. A Mtambalika anaimirira.

"Bungwe likuti livomereze dipuloma ya koleji ino. Alipo wotsutsa?"

Kenako, kumapeto kwa tebulo, dzanja la Mayi Binali linakwera pang'onopang'ono mpaka linaima chilili. Mmodzi wa alendo anasiya kudzikupiza. A Kalindawalo anatembenuka ndi mpando womwe. A Lenard anavundukula cholembera, n'kuyang'ana wapampando modikira.

A Mtambalika anavula magalasi awo. Anatulutsa kansalu m'thumba, n'kuyamba kuwapukuta mofatsa, maso ali patebulo.

"Palibe," anatero. "Dipuloma yavomerezedwa."

Alendo anaomba m'manja, mamembala n'kuthandizira mwachangu kuti phokoso lichuluke. Dzanja lija linakhalabe m'mwamba pakati pa phokosolo, mpaka pulofesa wa maluwa uja analigwira pachigongono n'kulitsitsa. A Lenard anakweza mapewa, navundikira cholembera chawo. Mlembi amalemba zimene wapampando wanena, osati zimene maso ake aona.

Potuluka, Mayi Binali anawadikirira pakhomo. Maso awo anali ofiira.

"Munaliona."

"Ndinali nditavula magalasi, mayi."

"Munaliona, a Mtambalika. Ana anga agona ndi mayi wawo lero, zikomo kwambiri. Koma musadzandifunsenso maganizo anga m'chinenero chilichonse." Ananyamula chikwama chawo n'kulowera kumsewu wa ku Salima, osadikira galimoto ya bungwe.

A Mtambalika anafuna kuwatsatira, koma a Kalindawalo anali atawakola kale dzanja. Mkulu wa koleji uja chimwemwe chinali chitamulowa mpaka m'mutu. Analengeza kuti asanadye, alendo onse akazungulireko pang'ono panyanja, ndipo poti bungwe la akatswiri latsimikiza kuti anyamata ake ndi odziwa ntchito, boti aliyendetsa okha. Antchito awiri a a Sidiki aja anauzidwa kuti atsike akapume. Anatsika akuyang'anizana, mmodzi akuloza kumwera kumene madzi anali atayamba kuchita mizere yoyera, koma panalibe womumvera.

Anthu anakwera mokondwa: akuluakulu aja ndi akazi awo, amayi amene anabwera kudzaimbira alendo, ena ana ali kumsana. A Mtambalika anaima padoko. Akanatha kunena kuti anthu atsike. Koma akanati chifukwa chake n'chiyani, iwo amene anali atangonena pamaso pa onsewa kuti palibe chovuta?

"Wapampando patsogolo!" anafuula a Kalindawalo. "Malo anu ndi apa, pafupi ndi kaputeni wathu."

Anawakhazika pambali pa mnyamata wa chithunzi uja, amene tsopano anali mu yunifolomu yoyera, thukuta likutsika m'khosi. Injini inali ikulira kale, poti eni boti anaisiya yoyaka. Wina anamasula chingwe n'kuchiponya m'kati, amayi anayambitsa nyimbo, ndipo boti linayamba kutengeka cham'mbali kulowera ku zipilala za doko.

Mnyamata uja anawerama ngati akutola kanthu, n'kufikitsa pakamwa pafupi ndi khutu la a Mtambalika, amene moyo wawo wonse anaphunzira za nthaka ndi feteleza.

"Bwana," ananong'ona, "inu amene mwatikhozetsa, ndithandizeni. Giya yobwerera m'mbuyo ili mbali iti?"