Botolo la Tepi Yofiira

Bambo a Namzeze anaphedwa ndi dokotala wa timu ya njinga, ndipo mayi a Namzeze sankanena zimenezi monong'ona. Pamaliro akuluakulu a timu anati inali ngozi. Ngozi yanji? Munthu anakwera njinga phewa lili lothyoka, anamumwetsa mankhwala opha ululu, ndipo atafika pokhota pa mtsetse sanagwire n'komwe mabuleki. Anali atawodzera.

Timuyo inawapukuta misozi mayiwo powapatsa ntchito yochapa malaya a opalasa ndi kutsuka mabotolo awo. Sukulu analekezera sitandade 5, koma kumabotoloko anaphunzira zambiri. Botolo lililonse lomatidwa tepi yofiira pakhosi linkabwerako lili ndi nsenga zoyera pansi, ndipo mwini wake ankatsika panjinga maso ali gwa ngati a nsomba.

M'mawa wa tsiku la mpikisano waukulu mayi anali m'shedi ya kuseri, manja ali m'beseni. Makaniko ankapopa matayala, wailesi ikulongolola pa shelefu. Amene ankayankhula pa wailesipo anali bambo wina yemwe anthu ankamutcha Mlosi, chifukwa amene wamutchula kuti apambana ankapambanadi.

"Lero musavutike kuyang'ana kwina," anatero Mlosi. "Kwa atsikana, chikho n'cha Namzeze."

"Mwamva, mayi?" anaseka makaniko. "Mwana wanu amulosera. Lero tivina!"

"Avina ndi mwendo uti? Chigwereni Lachinayi, bondo lija latupa ngati mutu wa khanda."

"Mlosi saphonya, mayi."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Popa matayala ako."

Koma manja anaima m'madzi. Mlosi anali atabwera m'shedimo m'mamawa, monga ankachitira pa mpikisano uliwonse. Ankati wabwera kudzapereka moni, koma moni wake ankapereka maso ali pa makireti a mabotolo. Mayi anapukuta manja pa epuloni, nakoka kireti ya mwana wawo. Pakati pa mabotolo amadzi panali kabotolo ka tepi yofiira.

Namzeze analowa akukoka mwendo, chipewa chodzitetezera chili m'manja. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wouma mutu ngati bambo ake.

"Amayi, bwezerani pomwe mwatenga."

"Wakupatsa ndani?"

"Adokotala. N'kongopha ululu basi. Aliyense amamwa."

"Aliyense. Bambo ako nawonso anali aliyense."

"Musayambe zimenezo lero, chonde. Zaka zisanu ndakhala ndikutchingira anzanga mphepo kuti iwo apambane. Lero dzina langa latchulidwa pa wailesi, inu mukufuna ndikhale pansi ndizitsuka mabotolo?"

Mawuwo anawalasa, koma sanasiye botolo.

"Mwana iwe, bondo likamawawa ndiye kuti likuyankhula. Ukalitseka pakamwa, udzamva kwa ndani kuti lathyoka? Ndipo mtsetse wake ndi womwe uja."

"Ndine wamkulu, amayi."

"Ukulu wako ndawuona. Kwera popanda ichi, sindikuletsa."

Anatuluka nalo botolo, epuloni ili m'chiuno. Pafupi ndi poyambira mpikisano panali tenti ya wailesi, ndipo zonse zonenedwa mmenemo zinkamveka pa zinkuzamawu bwalo lonse. Mlosi anakhala pakati, kochi kumanja, dokotala kumanzere. Atawaona, Mlosi anamwetulira mpaka mano a m'mbali kuoneka.

"Omvera athu, mwayi wake! Nawa mayi a ngwazi yathu. Mayi, mukumva bwanji?"

Anawapatsa yekha maikolofoni.

"Ndikumva kununkha," anatero mayi. "Bambo Mlosi, auzeni anthu mmene mumalosera. Mumayang'ana miyendo ya ana athu kapena mumayang'ana makireti anga?"

"Aaa, mayi, ife timaona mbiri ya wopalasa, mphepo, zitunda…"

"Mphepo ili m'shedi mwanga? Mwana amene dzulo amalephera kukwera masitepe atatu, inu mwamupatsa chikho. Munaona tepi iyi, mukudziwa kuti lero samva kanthu."

Anaika botolo patebulo, kho! Anthu amene ankagula zakumwa anatembenuka. Kochi anadzuka.

"Mayi, kumbukirani amene anakupatsani ntchito."

"Khalani pansi, a kochi, zanu zikubwera. Adokotala, muli chiyani umu?"

"Ndi mankhwala wamba," anatero dokotala, akukonza kolala. "Alibe vuto lililonse."

"Chabwino. Imwani. Mukamwa mukwere galimoto yanu ija, muyendetse nokha, mutsike mtsetse uja ana anu ali kumbuyo."

Dokotala analiyang'ana botolo ngati muli njoka. Wina m'gulu anakuwa kuti, "Imwa, dokotala!" Ena anaseka, ena anayamba kuwomba m'manja. Mlosi ankakodola mnzake wa makina kuti azimitse, koma mnzakeyo anali atapinda manja, akumvetsera.

Likhweru loitana opalasa linalira. Mayi anaona mwana wawo akukankha njinga kupita pamzere, osayang'ana ku tenti. Sanamuitane. Anali atanena kale kuti samuletsa.

Mbendera itatsika, gulu lonse linanyamuka ngati njuchi. Namzeze anaponda kamodzi, kawiri. Kachitatu anaimirira kuti aponde mwamphamvu, bondo linakana. Anakhotera m'mbali, natsika, nakhala pa msewu atagwira mwendo ndi manja onse awiri. Anzake anazimiririka pakona.

Makaniko anamuthandiza kufika pa tenti. Nkhope yake inali yonyowa, koma osati ndi thukuta.

"Mwakondwa, amayi?"

"Sindinakondwe. Koma ukundifunsa ndi pakamwa pako, uli moyo. Udane nane mpaka chaka chamawa, ndipirira."

Kochi anawerama, nayankhula motsitsa kuti maikolofoni isatole. "Makiyi a shedi musiye kwa makaniko. Mawa musabwere."

Mayi anamasula epuloni, naipinda bwinobwino, naika makiyi pamwamba pake. Maikolofoni yokha sanabweze. Mlosi anatambasula dzanja, iwo anangolipenya mpaka analibweza.

"Ntchito mwatenga, tengani," anatero, mawu awo akumveka mpaka kumalekezero a bwalo. "Koma ana khumi ndi asanu ndi atatu apita ku mtsetse uja pompano, ndipo ena mwa iwo anyamula zoterezi m'matumba a kumsana. Adokotala, ndi angati? A kochi, ndi a ndani? Nanga inu nonse mumaimirira pokhota paja kuwombera m'manja ana a eni ake, wina akapanda kukhota lero, mudzatinso ngozi? Ine sindichoka pano. Ndiyankheni!"