Khofi wa a Abu Yazan

Amayi amagwira ntchito mu ofesi yolemba ndi kuchotsa anthu ntchito, pa fakitale ina yosoka zovala kuno mu mzinda wa Zarqa. Mwezi watha kunabwera anthu a kafukufuku kudzawafunsa kuti amamwetulira kangati mtima usakufuna. Akuti anayankha kuti anasiya kuwerenga. Anatiuza akuseka, koma ine sindinaseke.

Sindine wolankhulalankhula. Mnzanga ndi mmodzi yekha, Rahaf, amene tamaliza naye sukulu chaka chino. Bambo ake, a Abu Yazan, atachotsedwa ntchito pa fakitalepo, ndinamuuza kuti, "Uwauze abwere kwathu. Amayi akakhala pakhomo ndi munthu wina." Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Anabwera Lachisanu masana atavala jekete yawo yopitira ku maukwati. Ndinawathirira khofi. Analandira kapu n'kuiika patebulo osamwa. Ndinadziwa tanthauzo lake, poti pa mwambo wathu wobwera ndi pempho samwa mpaka mwini nyumba atavomera.

"Umm Qusai," anatero kwa amayi, powatchula kuti mayi a Qusai, mlongo wanga, "imvi zonsezi zamerera pa makina anu aja. Msinkhu uno ndikayambe kugulitsa chingamu pamsewu?"

"Ndi mawu anu okhuthalawo?" anatero amayi. "Ayi ndithu! Mungathawitse ana onse a mu Zarqa!"

Anaseka onse awiri. Ine ndinangoyang'ana kapu, kudikira mawu akuti imwani.

Kenako amayi anakhala mowongoka, manja pamodzi. Kumwetulira kwawo kunali kumene sindinakuonepo m'nyumba mwathu.

"Tikumvetsa mmene mukumvera. Chigamulochi sichikukhudza khalidwe lanu ayi."

"Tikumvetsa?" A Abu Yazan anayang'ana uku ndi uku. "Muli angati kodi, mlongo wanga? Ine ndabwera kwa inu, amene munadya mansafu, mpunga wathu wa nyama ya nkhosa, pa ukwati wa mwana wanga."

Amayi anangopitiriza kumwetulira. Bamboyo anadzuka, nandisisita pamutu, n'kutuluka.

Ndinawalondola kukhitchini. "Amayi, mukanangoti imwani!"

"Kuti Lamlungu, tsiku loyamba sabata ya ntchito, akabwezedwe pageti anthu akuona?" Ankatsuka mbale yotsuka kale. Nkhope inali ikumwetulirabe, misozi ikudutsa pomwepo. "Taona, Lujain, nkhope ya ku ntchito ija yakana kuchoka. Tatuluka kaye, mwanangu."

Madzulo ndinaimbira foni Rahaf. Anayankha ndi mlongo wake, Yazan.

"Rahaf kulibe," anatero.

Chapansipansi ndinamumva Rahaf akumuuza kuti adule.