Ngalande ya Faiba m'Munda wa Nanazi

Mtendere ukhale nanu, owerenga okondedwa. Tithokoze Mulungu amene watisunga mpaka lero, kuti ndikusimbireni za bambo Alifeyo a kufupi ndi Chitakale.

Bambo Alifeyo anali mkulu wa mpingo, ndiponso mkamwini pamudzi wa akazi awo, mayi Eufemia. Mwana wawo Marcia anali atabereka ku Joni, ndipo ubatizo wa khandalo unali pafupi. Mayi Eufemia sankagona tulo pofuna kuona mdzukulu wawo woyamba akubatizidwa, koma nyumba yawo inali m'chigwa momwe netiweki ya foni inkangodukaduka. Marcia anati aike intaneti ya m'nyumba, alipira yekha.

Anabwera Morton, wolumikiza mawaya, nafotokoza kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, yotchedwa DSL, inali yotchipa ndipo inkadzera mu waya wakale wa telefoni amene ankalendewera padenga pawo, koma inkayenda ngati birimankhwe. Yachiwiri, faiba, inali yodula koma yaliwiro. Ankati ndi kaulusi kagalasi konyamula kuwala, ndipo kankafunika ngalande yochokera kumsewu kudutsa m'munda wa nanazi.

Mutu wa bambo Alifeyo unaima. Galasi lingakwiriridwe bwanji osasweka? Nanga kuwala amakubisa pansi? Anapemphera, nakumbukira za njira yotakata ndi yopapatiza, koma sanathe kudziwa kuti yopapatizayo ndi iti: yowonda ngati tsitsi, kapena yotchipa ya anthu odzichepetsa. Atafunsanso Morton, iye anatchula mamegabiti, zinthu n'kuipiraipira.

Pomaliza anapita kwa alamu awo a Faustino, eni mbumba, kukapempha chilolezo chokumba. A Faustino anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kutalika kwa ngalandeyo.

"Alamu, mkamwini akakumba mzere wautali chonchi pa nthaka ya eni, ndiye kuti akudula malire," anatero. "Lero ndi waya, mawa mudzati munda wa tsidya ili ndi wanu."

Bambo Alifeyo anayesa kulongosola za kuwala koyenda m'galasi, koma poti iwo eni sankazimvetsa, anamveka ngati munthu wobisa kanthu. Anabwerera ali wera, nauza Morton kuti alumikize yotchipa ija.

Atayesa kuimbira Marcia pa vidiyo, nkhope yake inauma pa foni, pakamwa pali yasa. Khanda linaoneka ngati nkhungu ya paphiri, lopanda maso, osagwedeza ngakhale kadzanja. Mayi Eufemia anayamba kulira, poganiza kuti mwanayo wadwala ndipo akuwabisira. Amuna awo anawatonthoza kuti vuto ndi waya, koma mumtima nawonso ankakayika.

M'mawa mwake anadzidzimuka ndi phokoso la khasu. Akazi awo anali pakati pa nanazi, chitenje atamanga m'chiuno, akukumba uku akung'ung'udza nyimbo ya kumvano. Bambo Alifeyo anaima pakhonde, osadziwa kuti awathandize kapena awaletse, pakuti zonse ziwiri zikanawaputira mlandu.

Posakhalitsa a Faustino anafika ali wefuwefu, nafunsa amene walamula zimenezi.

"Achimwene, nthaka ino ndi ya amayi athu," anayankha mayi Eufemia osaweramuka. "Kodi nanenso ndikudula malire?"

A Faustino anayang'ana ngalandeyo kwa kanthawi, nadandaula kuti mlongo wawo akupinda mzere ndipo aononga nanazi. Anawalanda khasulo, nayamba kukumba okha. Bambo Alifeyo atasendera kuti alandire, anauzidwa kuti akatunge madzi akumwa basi.

Morton anayala faiba ija lisanafike Lamulungu. Pa tsiku la ubatizo banja lonse linadzaza pabalaza. Anaona madontho a madzi akutsika pamphumi pa khanda, ndipo litalira mokweza, mayi Eufemia anagwada pansi n'kuyamika kuti mdzukulu wawo ndi wamoyo ndi wamphamvu. Bambo Alifeyo ankayang'ana mwanayo, n'kusuzumira pawindo kumunda kuja, osamvetsabe kuti wadutsa bwanji pansi pa nanazi. Anangovula magalasi n'kupukuta misozi.

Ambuye akudalitseni, akusungireni ana anu amene ali kutali, ndipo akuonetseni nkhope zawo mu mtendere. Ameni.