Msampha wa pa Benchi ya Valdemar

Kwathu ku Lifidzi magetsi ndi osowa, choncho mafoni timakatchajitsa kwa Valdemar pamsika. Bamboyo ali ndi kachizolowezi kake: "Ndiuzeni senya, mana, ndione ngati moto ukulowa." Ife ndi ulemu wathu wopusawu, nambala yachinsinsiyo n'kumuuzadi.

Vanda, mng'ono wanga, anamuuza. Posakhalitsa chithunzi chomwe anajambulira bwenzi lake lokha chinali m'mafoni a mudzi wonse. Ukwati unafera m'mazira, kukwaya anamuimitsa. Valdemar anakana kwamtuwagalu, Vanda n'kuleka kutuluka m'nyumba.

Ine sindinalire. Ndinapalasa njinga mpaka ku Ulongwe kukayamba maphunziro a chitetezo cha mafoni ndi makompyuta. Kumeneko sitinkakopera za pabolodi. A Agostinho, aphunzitsi athu, ankatipatsa mafoni akale kuti tiwathyole, kenako titseke pomwe talowera. Ndinkathyola ndi ukali, foni iliyonse ndikuiona ngati mutu wa Valdemar.

"A pulofesoli, foni ya munthu ndingailowe bwanji ali kutali?" ndinafunsa.

"Ya mwini ayi, Nádia, ukagona m'kadeya, kundende. Koma m'munda mwako palibe angakuletse kutchera msampha."

Ndinavutika nawo msamphawo. Kangapo konse unandikola ndekha, anzanga n'kufa nazo kuseka.

Tsiku la msika ndinasiya foni yanga pabenchi pake, senya n'kumuuza mwaulemu, mpaka kupinda bondo. Mkatimo ndinaikamo malo olembedwa kuti "Zithunzi zanga zobisika". Ndinakaima kwa ogulitsa kachewere ndi Vanda, yemwe ndinachita kumukoka kunyumba atadziphimba chitenje kumutu.

Fisi sanachedwe kutsegula malowo. Foni inakuwa ndi mawu a Vanda omwe tinajambuliratu: "Valdemar, ukufunanji m'zithunzi za eni?" Inabwereza, n'kubwerezanso. Anadina apa, anadina apo, osazima. Inali itamujambula kale, nkhope yake ili pagalasi, kukamwa yasa. Anaiponya m'thumba la buluku, thumbalo n'kumakuwabe. Mtima wanga unazizira bwino, sindibisa.

Azimayi anayamba kuzula mafoni awo mpaka zingwe zinatsala lendelende.

Vanda anatsitsa chitenje chija. Anadutsa pakati pa anthu n'kumutambasulira Valdemar dzanja.

"Bweretsani. Mwaona zokwanira."

Valdemar anaipereka. Ndinamuuza Vanda podina kuti ikhale chete. Anakana. Anainyamula m'mwamba ikukuwa choncho, n'kuzungulira nayo msika wonse, osathamanga.