Fungo la Dothi pa Galimoto ya a Cipriano

A Elesi anatsika pa njinga ku Cassacatiza miyendo itachita dzanzi, koma pakamwa pokha panali pasanatope.

"Ndimati usamapalase m'mphepete mwa msewu, Octávio. Mabomba okwirira aja sanawazule onse."

"Agogo, tafika. Taonani, miyendo yonse inayi ilipo."

Octávio anali mdzukulu wawo, yekhayo amene anabwera naye pochoka kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Ana awo atatu, kuphatikizapo amayi a Octávio, anatsala m'manda, awiri mwa iwo kumalo osadziwika. Ku Nsadzo anamanganso nyumba pa bwinja lawo lakale, awiriwiri, ndipo mbali zonse kunali mabwinja a anthu amene anali asanabwerere. Munthu ukatsokomola pakhomo pamenepo, palibe woyankha.

Tsono Octávio anali atanena mosabisa kuti khasu lokha silingamusunge ku Nsadzo. Akapeza galimoto yonyamula chimanga ndi anthu kupita kumalire, akhala. Ikalephereka, apita ku Tete kumene mnzake anamupezera ntchito yosenza matumba. Ndalama zimene anasunga poumba njerwa ku Zambia zinkakwanira galimoto imodzi yokha m'dera lonselo, ya a Cipriano.

Inali itaima pansi pa mtengo wa mango, yotsegula kumbuyo, utoto wake wobiriwira ukunyezimira ngati tsamba la nthochi mvula itangokata. Mwini wake, bambo wamfupi wa chipewa chachikopa, anawalandira ndi manja awiri ndi moni wa Chipwitikizi.

"Bondiya, bondiya! Mwabwera ndi makaniko wanu, achimwene?"

Amuna amene ankasewera bawo pambali anaseka. A Elesi sanaseke. Iwo ankaopa zambiri: mitsinje yodzaza, anthu a mawu okoma, chakudya cha pamsewu, ndiponso chilichonse chimene chikuoneka chatsopano m'dziko limene munali musanabwere chatsopano. Ndipo kunena zoona, inu, zaka zimenezo munthu wamantha ndi amene ankaona dzuwa la mawa.

A Cipriano analiza injini. Inalira bwino ndithu, mosatsokomola. Octávio anakhala pa chiwongolero, nkhope yake ikuwala momwe agogo ake anali asanaionere chibwerere.

"Akazi anga, bwerani mudzakhale kutsogolo kuno," anawaseka motero, monga amachitira adzukulu. "Lamlungu muzikafika kutchalitchi fumbi lisanakugwireni."

"Amuna osauka inu, mundikweza pa chinthu chimene sindinachigogode?"

Anayamba kuzungulira galimoto ija akuigogoda ndi nkhonyo ya chala, khutu atalitchera, monga amachitira amayi pogula mbiya kumsika. Pa chitseko inati ngwee. Pamwamba pa injini inati ngwee. Atafika mmunsi, kuseri kwa tayala lakumbuyo, inangoti phu, phu, ngati wagogoda dzungu.

"Amayi, imeneyo si mbiya ya mowa!" anafuula mmodzi wa a bawo aja.

A Elesi anawerama n'kununkhiza. Fungo limenelo ankalidziwa.

Pothawa nkhondo, iwo ndi amuna awo anakumba dzenje kuseri kwa nkhokwe n'kukwirira njinga ndi makina osokera, atazikulunga ndi masaka. Ankati abwerera mwezi womwewo. Anabwerera patatha zaka zisanu ndi ziwiri, amunawo atatsala m'manda ku Zambia. Atafukula, makinawo ankaoneka athunthu, maluwa ake ojambula ali pomwepo. Powanyamula, mwendo wake unangofumbutuka m'manja. Chitsulo chikagona m'dothi chimadyeka kuyambira m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo chimanunkha ngati magazi osakanikirana ndi matope. Amene simunafukulepo kanthu simungalidziwe fungo limeneli.

Anamanga chitenje molimba, n'kugona chagada m'fumbi, n'kudzikokera pansi pa galimoto.

"Agogo! Mukundichititsa manyazi!"

"Zimitsa chinthucho, chingandiponde."

Kunsi kunali mdima pang'ono ndi kafungo ka mafuta. Zitsulo ziwiri zikuluzikulu zimene zimasenza galimoto yonse zinali zitapakidwa phula lakuda, latsopano. Koma m'makona munali timizere ta dothi louma, tomwe chiswe chimamanga chikamakwera chinthu chimene chakhala malo amodzi nthawi yaitali. Anamasula kampeni kawo kosendera chinangwa pa mfundo ya chitenje, n'kubaya pa phulapo.

Mpeni unalowa mpaka pa chigwiriro. Dzimbiri lofiira linawagwera kumaso ngati gaga.

Anabaya pena, chapafupi ndi pamene pamangiriridwa tayala. Chimodzimodzi.

A Elesi anakhalabe pansi pamenepo. Ankangoona mapazi: nsapato za a Cipriano, ndi nkhwaila za Octávio zimene anazisoka yekha ndi waya. Palibe anaona zimene mpeni unachita. Akanatha kupukuta kumaso, kutuluka, n'kunena kuti ili bwino. Octávio akanakhala ku Nsadzo. Madzulo kukanamamveka munthu akuimba mluzu pobwera, ndipo akadwala pakanakhala wowathamangira ku chipatala cha ku Chifunde. Mwina zitsulozo zikanapirira chaka, mwina ziwiri.

Kenako anaona m'maganizo mtsetse wa pamsewu wa kumalire wotsikira kumtsinje, galimoto itasenza matumba, pamwamba pake patakhala amayi a ana kumbuyo, ndipo kutsogolo kuli Octávio.

"Agogo, mwagona tulo kumeneko?"

Anatuluka pang'onopang'ono, msana ukuwawa. Sanayang'ane a Cipriano. Anagwira dzanja la mdzukulu wawo, n'kulitambasula, n'kukhuthuliramo zimene anafumbata.

"Msana wa galimoto yako ndi umenewu."

Bawo inaima. Octávio anayang'ana m'dzanja mwake nthawi yaitali, kenako analowa yekha pansi paja. Anamumva akubaya kamodzi, kawiri, kachitatu. Potuluka anali wofiira tsitsi.

"Munaibisa kuti, bambo?" anafunsa a Elesi, mopanda ukali.

A Cipriano anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. "M'chigwembe, kumunda kwa malemu achimwene. Tinaifunditsa nthambi kuti asilikali asaione. Mvula zisanu ndi zitatu zinapita pamenepo. Koma injini ndinaikonza ndekha, mwaimva. Ndani sanabise chake, amayi? Inenso ndi chokhachi chimene ndinachipeza pobwera."

"Ndikudziwa. Koma musakwezemo ana a anthu. Ndapota nanu, musakwezemo."

Pobwerera, Octávio anapalasa maso ali pamsewu. A Elesi sanachenjeze kanthu, chinkana anadutsa malo awiri oyenera kuchenjeza. Atayandikira kwawo m'pamene Octávio anatsegula pakamwa, osacheuka.

"Mumadziwa kuti ndipita."

"Ndimadziwa."

"Nanga bwanji simunangokhala chete?"

"Ku Tete ndingathe kutumiza uthenga," anatero a Elesi. "Kumene kuli amayi ako sindingathe."

Octávio ananyamuka Lachinayi m'mawa pa lole ya fodya. Agogo ake anamuperekeza mpaka pamsewu, akumuuza kuti asamasambe m'Zambezi chifukwa muli ng'ona, asamamwe madzi opatsidwa ndi munthu wosamudziwa, asamagone pafupi ndi chitseko, akamva kuphulika asadzuke kukaona. Iye ankangoti inde, inde. Atakwera pamwamba pa mabelo anawerama n'kunena kuti, "Akazi anga, musakwatiwe ndisanabwere." A Elesi anafuna kumubwezera chipongwecho, koma lole inali itayamba kale kuyenda, ndipo mawu awo anatsalira m'fumbi.

Sanapite kunyumba. Anakhotera kumunda, kumene mzere umene Octávio ankapalira dzulo lake unathera pakati, khasu lili chiimire pomwepo. Analizula. Mpini wake unali wautali, wosemedwa pa msinkhu wa mwamuna. Anaugwira chapakati n'kuyambira pamene iye analekezera.