Uthenga wa Pagulu la Maliro

Mphepo inkafuna kulanda pepala m'manja mwa Estere. Mapemphero anali atangotha m'galaja yomwe Amalawi ankapemphereramo ku Philippi, kudziko la eni, ndipo anthu ankatuluka mothamangira matakisi.

"Taimani pang'ono, abale," anatero Estere. "Anthu a bungwe lina loona zanyengo anabwera kumunda komwe ndimagwira ntchito. Akuti dziko likutentha, ndipo kutenthako kusapyole digiri imodzi ndi theka. Kukapyola, mvula..."

"Imodzi ndi theka yokha?" anaseka a Safeli, akumanga mabatani a jekete. "Kawauzeni awonjezere zisanu, mlongo. Juni wa kuno amandilowa mpaka m'mafupa."

Anthu anaseka. Estere anayang'ana pepala lija, mawu onse omwe anakonzekera mlungu wathunthu atamuthawa. Chomwe ankafuna chinali manja: anthu oti Loweruka adzatsegule ngalande ya kuseri kwa nyumba zawo, yomwe inadzaza mchenga, majumbo ndi matewera. Chaka chatha madzi anafika pamatiresi, mwana wake Alinafe n'kutsokomola mpaka Ogasiti. Tsopano mitambo inali itayambanso kusonkhana.

Estere anathamangira kwa a Abednego, mlembi wa mpingo, amene ankasunga gulu la pafoni la Amalawi onse a m'deralo.

"Achimwene, tandiikireniko uthengawu pagulu paja."

"Gulu lija ndi la maliro okha, mayi a Alinafe. Likangolira, munthu amasiya ntchito n'kubwera. Ndikaikapo za nyengo lero, mawa wina aikapo kuti akugulitsa usipa."

Ambuye, ndithandizeni, anatero Estere chamumtima.

A Jennie, mayi wosalankhulalankhula amene ankapinda mipando Lamulungu lililonse, anasiya mpando. Anatenga pepala lija n'kuliwongola bwinobwino pantchafu.

"Manambalawa ine sindikuwamva," anatero motsitsa mawu. "Koma uthenga wa mayi anga munalemba ndinu, a Abednego, chaka cha namondwe wa Freddy. Munalemba kuti madzi awatenga ku Phalombe. Tsiku lomwelo nonse munabwera kwanga. A Safeli munajomba kuntchito, n'kubwera ndi buledi. Tinaimba nyimbo popanda maliro oti tiike, chifukwa mpaka lero sanapezeke."

A Safeli anasiya batani lomaliza osamanga.

"Ndiye ndingofunsa," anapitiriza a Jennie. "Madziwa ayambe atenga kaye Alinafe kuti mulembe?"

Panja takisi inaliza hutala kawiri, n'kupita yopanda munthu. A Abednego anatulutsa foni, anaibweza m'thumba, anaitulutsanso. Analemba, kufufuta, kulembanso.

Mafoni analira m'zikwama ndi m'matumba, kulira kuja komwe aliyense amakuopa. Estere anatsegula yake.

"Abale, palibe wamwalira. Kuti zikhalebe choncho, tikumane kungalande Loweruka 8 koloko m'mawa. Bwerani ndi mafosholo."

"Ine fosholo ndilibe," anang'ung'udza a Safeli.

"Ndili nawo awiri," anatero a Jennie, akunyamulanso mpando wawo.